Ngongole ya shuga: masiku asanu opita ku Dzaleka

Lamulungu usiku, Ntcheu

Chikwama ndalongedza kale. Muli zitenje ziwiri, juzi, Baibulo ndi envelopu yakhaki imene ndaikulunga mumpango n'kuiika pansi penipeni. Amayi a kumpingo kwathu akudziwa kuti ndikupita ku Dzaleka kukasiya thumba la zovala zimene tinasonkha mwezi watha. Masana ano andipempherera mokweza, abusa n'kunditchula pa zolengeza kuti ndine mayi wa mtima wachifundo. Ine ndinangozyolika. Chimene chikundinyamula ndi ngongole, thumba la zovalalo ndangolikwera pamsana.

Ndifotokoze, poti ndayamba kale. Tisanabwerere kumudzi kuno tinkakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo ndinali ndi okala. Moyang'anana nane munali shopu ya banja lina la ku Burundi. Ankatsegula kusanache, kutseka ife titagona kale. Mpamba wanga ukaphwa, mayi wa m'shopumo ankandipatsa mabelo a shuga, mafuta ophikira ndi sopo, n'kungoti, "Mudzapereka Loweruka, aneba." Kumayambiriro kwa Meyi 2023 ndinatenga katundu wa K180,000. Boma linali litalengeza kale pa 27 Marichi 2023 kuti onse othawa kwawo okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo. Ambiri tinkaona ngati ndi zongoopseza. Pa 17 Meyi anayamba kuwagwira mu Lilongwe, ena kukawasunga kaye kundende ya Maula, ndi ana omwe. Sabata yomweyo shopu ija inapezeka yokhoma, ndipo Loweruka langa silinafikenso.

Chimene sindinauzepo munthu ndi ichi: mwezi umenewo malonda anga anayenda kuposa kale lonse. Makasitomala awo onse anawolokera kwa ine. Chakhumi chimene ndinapereka mu Juni chinali chonona, ndipo ndinaimirira kutsogolo kuchitira umboni kuti Mulungu watsegula makomo.

Bambo a kunyumba kuno akuti ndikudzivuta, mwina anthuwo anapita kale ku America. Mwina. Ndigone, mawa ndi m'bandakucha.

Lolemba, pamsewu wa M1

Kuzizira kwa Julayi pa Ntcheu sikufuna nthabwala. Ndinafika pasiteji dzuwa lisanatuluke, minibasi n'kuyipeza ili ndi anthu asanu ndi mmodzi, koma atatu mwa iwo anali anyamata ongokhalamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzadza. Tinadikira ola ndi theka. Kondakitala anayambira pa K12,000, thumba palokha. Nditamuuza kuti ndi zovala za kutchalitchi anaseka n'kuti, "Ndiye Mulungu alipire mafuta, amayi." Tinamvana pa K11,000 zonse pamodzi, thumba n'kulipanikiza pansi pa mpando wakumbuyo limodzi ndi nkhuku za munthu wina.

Pa Lizulu tinaima nthawi yaitali, azimayi atatizinga ndi mabeseni a mbatatesi, kabichi ndi kaloti. Amene simunadutsepo: apa msewu womwewu ndiwo malire. Kutsidya kuno ndi Malawi, ukawoloka phula kukagula tomato wafika ku Mozambique, palibe amene akufunse chiphaso. Ndinagula mbatatesi za achemwali anga, n'kukhala chete kuyang'ana mapiri a tsidya lija.

Ndinali kamtsikana pamene anthu ankatsika m'mapiri amenewa kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ankabwera usiku, mphika pamutu, mwana kumbuyo, ena mbuzi pachingwe. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali atapitirira 1 miliyoni m'dziko muno, ku Nsanje, Mwanza, Dedza ndi kwathu kuno. Agogo anga aakazi analandira banja lina kuseri kwa nkhokwe, n'kuwadulira kachigawo ka dimba. Timakonda kuikamba nkhaniyi monyadira, ndipo ndi yoona. Koma ndimakumbukiranso kuti agogo aamuna ankawalimitsa ganyu tsiku lonse n'kuwalipira kambale ka ufa, kumene Mmalawi mnzawo akanamupatsa chidebe. Ndimakumbukira mikangano ya nkhuni, mitengo itatha m'phiri. Atasainirana za mtendere ku Rome mu 1992 anthu aja anayamba kubwerera, ndipo mayi wa banja lija potsazika anasiyira agogo mtondo wake poti unali wolemera. Unakhalapo zaka zambiri pakhomo, tinkangouti mtondo wa alendo.

Pa Dedza chifunga, pa Nathenje tayala linaphwa. Tinakhala m'mbali mwa msewu mphindi makumi anayi, bambo wina wachikulire n'kundigawira chinangwa chophika cha m'kathumba kake osandifunsa n'komwe dzina.

Ku Area 25 ndafika madzulo. Shopu ija ilipo, aipaka utoto wina, mukugulitsidwa mowa. Pachakudya ndinalakwitsa kuulula kumene ndikupita. Alamu anga anaika supuni pansi. "Mlamu, inu mukuwamvera chisoni, nanga ana athu? Mnyamata wanga uyu ali ndi digiri, chaka chachitatu ali pakhomo. Akatsegula kashopu angapikisane ndi munthu woti amaoda lole yathunthu?" Sindinawayankhe, chifukwa mnyamatayo anali pomwepo, maso ali m'mbale, ndipo funsolo si lachibwana. Ine ndemwe ndinkadandaula chimodzimodzi pamene ankagulitsa shuga motchipa kuposa mmene ine ndinkaodera kwina. Kungoti kuchokera pamene anachoka, shugayo sanatsike mtengo, ndipo mnyamatayo ntchito sanaipezebe.

Lachiwiri, Dzaleka

Kuchokera ku Lilongwe si patali, makilomita ongopitirira 40. Tinadutsa Kanengo pakati pa malole a fodya ondandalika kudikira ku okushoni, fungo lake mpaka kukhosi, kenako Lumbadzi, n'kukhotera msewu wa ku Dowa. Ndinakwera kagalimoto kakang'ono koyenera anthu asanu ndi awiri, ife tinalimo khumi ndi mmodzi. K5,000. Mwendo wanga wamanzere unachita dzanzi mpaka potsika ndinatsala pang'ono kugwa.

Ndinkayembekeza mpanda wa waya ndi matenti. Ndinapeza tauni yathunthu ya nyumba za zidina zopanikizana, tinjira topapatiza toti anthu awiri sangadutsane, madzi akuda akuyenda pakati, ndi mphepo yosaleka yonyamula fumbi lofiira. Malowa anakonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri a ku Congo, ena a ku Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia. Pamjigo uliwonse mzere wa zigubu zachikasu wautali ngati wa mafuta agalimoto.

Ndinakumana ndi tsiku la msika, umene eni ake amautcha Mardi Marché. Apa ndiye ndinadabwa. Ogulitsa tomato, chimanga, makala, nkhuni ndi nkhuku ambiri ndi anthu akwathu a m'midzi yozungulira, atabwera panjinga ndi pangolo. Mayi wina wogulitsa bonongwe anandiuza kuti masiku amene a bungwe la zakudya la WFP apereka ndalama za chakudya, katundu wake amatha isanakwane 10 koloko, koma ndalamazo zikachedwa kapena kuchepetsedwa ngati mmene anazidulira ndi theka mu 2023, naye kwake kumagonedwa ndi njala. "Akalira iwo ifenso talira, amayi." Sindikudziwa ngati alamu anga anaziganizirapo zimenezi. Ine sindinaziganizirepo.

Ndinadya chapati ziwiri ndi nyemba, ndi tiyi wamkaka wothira tsabola wa jinja, m'kanyumba ka mayi wa ku Congo. K1,800, ndipo anandiwonjezera chigwada chosinja chophikira mafuta ofiira, chimene iwo amati sombe, kuti ndilaweko. Chathu chija chotendera n'chabwino, koma ichi ndinanyambita mbale.

Tsono kufufuza. Apa ndi pamene ndinachita manyazi kwambiri. Zaka zinayi ndinakhala moyang'anana ndi mayi uja, koma dzina lake lenileni sindikulidziwa. Ndinkangomuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, kuseri n'kumati "Maburundi aja". Mnyamata wina wa zaka ngati makumi awiri, woyankhula Chichewa chosalala kuposa cha ana anga, anadzipereka kundiperekeza. Anabadwira momwemo, sanaonepo Congo. Anandizungulitsa ku Kawale, ku Likuni, ku Blantyre, ku Zomba. Inde, zigawo za mumsasawu zili ndi maina a malo athu. Iye anaseka n'kuti, "Ku Blantyre ndimapita tsiku lililonse, amama, wapansi."

Tikuyenda ndinamufunsa chimene amachita. Anamaliza Fomu 4 pasukulu ya mumsasa momwemo yoyendetsedwa ndi a Jesuit Refugee Service, anakhoza bwino, ndipo akungokhala. Lamulo amalidziwa pamtima ngati Atate Wathu wa Kumwamba: dziko la Malawi linavomera pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo mu 1987, koma linakana kumangidwa ndi ndime zina, makamaka za ufulu woyenda, wolembedwa ntchito ndi wokhala ndi malo. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, iye asanabadwe. Akafuna kutuluka kupita patali amayenera kukatenga chilolezo. Ananena zonsezi mopanda mkwiyo, ngati akunena za nyengo.

Dzuwa linapendeka tisanawapeze. Ndinafuna kumupatsa K2,000, anakana kawiri, kachitatu analandira n'kukagula mayunitsi.

Lachiwiri lomwelo usiku, Dowa boma

Ndagona pa resitihausi ina, K15,000, bulangete limodzi lopyapyala ngati chitenje. Envelopu ndaimangirira m'chiuno. Chitseko chilibe loko wodalirika ndiye ndatsamiritsapo mpando. Kunena zoona ndili ndi mantha, ndipo maganizo akundiuza kuti ndayesetsa, Mulungu waona, mawa ndingosiya zovala n'kubwerera ndi ndalama zanga.

Tulo titakana ndinatuluka kukaotha moto wa alonda, madala a imvi zawo. Atamva kumene ndachokera anagwedeza mutu. "Mukudziwa chifukwa chake amati Dzaleka, mayi? N'dzaleka. Munthu akalowa mmenemo ankalumbira kuti sindidzachitanso." Nthawi ya Kamuzu inali ndende ya anthu oganiziridwa zandale. Anandikumbutsanso za a Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka komweko, ena zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993, ndipo chaka chotsatira, 1994, malo aja anasanduka msasa wa othawa kwawo. Madalawo anasonkhezera moto n'kuti, "Amene ankawathamangitsa aja sanali achikunja ayi. Lamulungu ankavala jekete n'kupita kukaimba nawo nyimbo." Sindine wa Mboni, ndipo ziphunzitso zawo zambiri sindigwirizana nazo, koma mawu amenewa andisowetsa tulo kuposa kuzizira.

Lachitatu, Dzaleka

Thumba lija ndinakalipereka kutchalitchi china cha malata chimene mnyamata wadzulo anandilozera. Matchalitchi mumsasa muno ndi osawerengeka, pena atatu mumzere umodzi, aliyense ndi sipika yake. Abusa ake, a ku Bukavu, analandira ndi manja awiri. Amayi awiri atayamba kutulutsa zovalazo ndinalakalaka pansi patang'ambika. Madiresi ena abwino ndithu, koma munalinso siketi yopanda zipi, malaya ong'ambika m'khwapa, ndi nsapato imodzi yopanda inzake. Tinasesa m'nyumba zathu n'kuzitcha chopereka. Mmodzi wa amayiwo, telala, anatembenuza siketi ija, kuyang'ana msoko, n'kunena m'Chiswahili zinazake zimene zinaseketsa anzake. Abusa anamasulira mwaulemu kuti akuti nsaluyo ndi yolimba, atulutsamo kabudula wa mwana wasukulu.

Anandikakamiza kukhala nawo pa mapemphero a pakati pa sabata. Kuimba kwake, abale, ng'oma ndi gitala, fumbi kuchita kobo. Mlaliki anali bambo wowonda wa ku Burundi, mnyamata wina n'kumamasulira m'Chichewa chifukwa cha ine ndi amayi atatu a m'mudzi wapafupi amene amapemphera pomwepo. Anawerenga Rute mutu 2. Nkhaniyi ndaiphunzitsapo ku Sande sukulu kambirimbiri, nthawi zonse ngati nkhani ya mkamwana wokhulupirika. Iye anaigwira pena. Anati Rute anali Mmowabu, mlendo, wamasiye, wopanda munda. Boazi sanamutumizire thumba la ufa kunyumba. Anamulola kulowa m'munda kuti akunkhe ndi manja ake, anauza anyamata ake kuti asamuvutitse, ndipo madzulo Rute anapuntha yekha barele wake n'kupita naye kwa apongozi ake. Kenako anatsegula Levitiko 19, pamene Mulungu akulamula mwini munda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyire wosauka ndi mlendo. "Limeneli ndi lamulo," anatero. "Mwini munda akakolola mpaka m'malire, watenga za mwini wake." Anthu anavomera ndi kubuula kwapansipansi kumene sindinakumvepo kutchalitchi kwathu.

Ine maganizo anathawira pa vesi limene timakonda kumenya nalo achinyamata, la pa 2 Atesalonika 3:10, lakuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Sindinamvepo mlaliki akufunsa za munthu amene akufuna ntchitoyo ndi mtima wonse koma lamulo lamumanga manja, kenako tikumunena kuti amangodya zolandira. Ndikudziwa kuti minda yathu ndi yochepa, achinyamata athu ali pa ulova, ndipo boma lili ndi nkhawa zake za chitetezo. Koma abale athu omwe ali ku Joni akugulitsa m'mashopu ndi kusoka zovala, ndipo mu 2015 atayamba kumenyedwa ku Durban tinakwiya dziko lonse, boma n'kutumiza mabasi kukawatenga. Mawu amene ankawanenera kumeneko ndi omwewa a pathebulo la alamu anga.

Titatuluka ndinafotokozera abusa za amene ndikuwafuna. Anafunsa amayi a kwaya. Wina anatchula dzina la mwana uja, n'kuonjeza kuti, "Amene anali ndi shopu ku 25?" Mtima unagunda. Akuti mawa m'mawa adzanditengera.

Lachinayi, Dzaleka

Ndinawapeza atakhala pakhomo akusankha nyemba. Achepa thupi. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakuwa, "Aneba!" n'kutaya lichero. Tinakumbatirana, ine kulira ngati pamaliro, iwo n'kumandisisita pamsana ngati wovutika ndine.

Nyumba yake ndi chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu, anthu asanu ndi awiri. Firiji ija, mashelefu aja, katundu wodzadza shopu, palibe chimene chinawatsata. Sindinafunse kuti zinapita kuti, ndipo iwo sananene. Bambo anali atapita kukaumba zidina za munthu wina. Mwana wamkulu uja, amene ankaphunzira pasukulu yolipira ku Lilongwe, tsopano ali m'kalasi la ana oposa zana. Anabwera kudzandigwadira, Chichewa chake chili cha ku 25 chenicheni.

Anandiphikira tiyi. Shuga anathira m'kapu yanga yokha, ndinaona.

Nditatulutsa envelopu anakhala chete. Kenako analowa kuseri kwa nsalu n'kubwera ndi kope lachikuto chofiira, lomwe lija linkakhala pakauntala. Pa zonse zimene anasiya, kope analitenga. Anatsegula masamba, chala chikutsika pamaina, ndipo ine maso anaona zimene sanayenera kuona. Maina a anthu amene ndimawadziwa, ena oimba nawo kwaya, wina mkulu wa mpingo. Mizere yofufutidwa inali iwiri yokha.

"Si 180, aneba," anatero. "Katoni imodzi ya sopo munabweza, inali yonyowa. Ndi 164."

Ndinali nditaiwala. Apa ndi pamene tinayamba kukangana, mkangano wachilendo woti wangongole akukweza, mwini ndalama akutsitsa. Ndinawauza zimene zakhala zikundidya: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene inkagula mabelo aja mu Meyi 2023 lero singagulenso ochuluka chomwecho. Ine shugayo ndinagulitsa, phindu ndinadya, mpamba ndinauzunguza chaka chathunthu. Ndikawapatsa nambala ya m'kope, pamapepala ndabweza, koma ndawabera. Iwo anati chimene chinalembedwa ndicho ngongole, zoonjezera ndi katapila, ndipo iwo sadya katapila. Ndinati si katapila, ndikubweza shuga amene ndinatenga. Anaseka koyamba, kuseka kuja kwa pakauntala. "Mwaphunzira bizinesi tsopano."

Tinamvana chonchi: alandira K164,000, yotsalayo ndawakakamiza kuti ikhale ya tiyi wa ana. Ndipo pofika Disembala ndidzatumiza mabelo awiri a shuga kudzera kwa dalaivala wa galimoto za ku Dowa amene iwo amamudziwa, kuti aziyeza m'timapaketi n'kumagulitsa pakhomo. Mumsasa muno timalonda totere amatilekerera. Anatenga cholembera n'kudula mzere padzina langa, pansi pake n'kulemba "mabelo 2", kuti ndisadzaiwale ngati sopo uja.

Ndinawafunsa ngati akufuna ndikakumbutse ena aja. Anatseka kope. "Akudziwa okha."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, pamene pamathera nyumba. Anaima pomwepo. Ine ndinawoloka.

Lachisanu, pobwerera

Ndagonanso kwa achemwali. Alamu anandifunsa ngati ndawapeza, ndinati eya, iwo n'kuti "Chabwino," basi. M'mawa mnyamata wawo wa digiri uja anandinyamulira chikwama mpaka pasiteji, ndipo panjira anandifunsa ngati n'zoona kuti ku Dzaleka kumachitika chikondwerero cha zoimbaimba. Ndinamuuza kuti n'zoona, amachitcha Tumaini, chinayamba mu 2014 ndi mlakatuli wa ku Congo wotchedwa Menes La Plume, ndipo kulowa ndi ulere. Akuti mwina adzapitako ndi anzake, bola bambo ake asadziwe.

Panopa tili pa rodibuloko ina kupitirira Dedza. Atitsitsa tonse kuti aone katundu. Chitupa changa cha unzika anangochiyang'ana kamodzi n'kundibwezera. Msana ukuwawa, mapazi atupa, ndipo ndatsala ndi K3,500 yokha, yokwanira kabaza wa kunyumba ndi kabichi mmodzi pa Lizulu. Lamulungu amayi akuyembekeza lipoti la ulendo. Za nsapato imodzi ija ndidzanena ndithu. Za kope sindinaganize bwino, poti mmodzi mwa maina aja ndi mlongo wake wa amayi amene amasunga chuma chathu.

Kondakitala akuitana, tikwere.